Pa za njinga England ikhale kaye pansi, ku Argyll msewu umapitirira mpaka pamadzi

Nyengo yotentha ikangoyandikira, abale athu a ku Manchester, Leeds ndi Liverpool amayamba kupangana za ulendo wa njinga, ndipo dzina lotuluka pakamwa limakhala lomwe lija: Lake District, dera la nyanja ndi mapiri ku England. Ndinene mosapsatira. Wopita kukapalasa kumeneko mu Julaye kapena Ogasiti akukawononga ndalama kuti akapume utsi wa magalimoto a alendo pa msewu wa A591, pakati pa Windermere ndi Ambleside. Mukanangowonjezera maola ochepa kulowera kumpoto, ku Argyll, kugombe lakumadzulo kwa Scotland, mukanaona mmene eni dziko amachitira ndi munthu wa njinga.

Kusiyana kwenikweni kuli pa sitima zapamadzi. Pa sitima za kampani ya CalMac ya ku Scotland njinga imakwera ulere, mumangolipira mutu wanu. Ngakhale mtengo wa mutuwo unatsika, chifukwa pofika 2015 boma la Scotland linali litafikitsa pa njira zonse za kampaniyi ndondomeko yowerengera mtengo molingana ndi kuyenda mtunda womwewo pamsewu. Tsono pitani ku nyanja ya Windermere: kapantoni kokokedwa ndi zingwe, kowoloka mphindi khumi zokha, wanjinga amalipira kuposa woyenda pansi. Ndalama yake ndi yochepa, inde, koma imaonetsa mtima wa eni malo.

Musaone ngati nkhani ndi ya ndalama yokha. Ku Argyll nyanja yamchere inalowa m'kati mwa mtunda n'kuudula zidutswa zazitali, pakati pake pali Loch Fyne, Loch Riddon, Loch Striven ndi zina. Woyendetsa galimoto kuchoka ku Tarbert kupita ku Portavadie akafuna kuzungulira pamtunda, kudzera ku Inveraray, amayenda makilomita oposa 100. Sitima imawoloka pomwepo mphindi 25. Chotsatira chake n'chakuti magalimoto a pa timisewu timeneti amabwera m'magulu, sitima ikangokocheza. Mukatsika, imani pambali, imwani madzi, onse adutse. Kuchoka apo msewu ndi wanu mpaka sitima ina ifike. Ku Lake District mpata wotere mungaupeze kuti? Magalimoto amangotsatana kuyambira m'mawa, msewu ndi wopapatiza, uku mpanda wamiyala uku mpanda wamiyala, pothawira palibe.

Njira yoti muyambire ndi imene eni ake amaitcha Five Ferries. Kupalasa kwake ndi pafupifupi makilomita 83, sitima zisanu, tsiku limodzi. Mumakwera sitima yapamtunda ku Glasgow Central kukatsikira ku Ardrossan Harbour, n'kuwoloka kupita ku Brodick pa chilumba cha Arran, ulendo wa mphindi 55. Kuchoka ku Brodick mumatsata gombe kudutsa Corrie ndi Sannox, pamalo athyathyathya onyengerera miyendo, kenako msewu umakhotera m'mapiri n'kukwera mamita pafupifupi 200 usanatsetsereke kulowa ku Lochranza. Pamenepo mwapalasa makilomita 23. Pa chitsetsechi samalani nkhosa, zimagona pa phula ndipo belu sizilidziwa.

Sitima yachiwiri, ya Lochranza kupita ku Claonaig, ndiyo imagwira ulendo wonse pakhosi. Imatenga theka la ola, ndi yaing'ono, imayenda nyengo yotentha yokha, ndipo mukaiphonya mudikira kupitirira ola. Werengerani nthawi yanu kuchokera pa sitima imeneyi kubwerera m'mbuyo, osati kuchokera ku Glasgow. Ku Claonaig kulibe golosale, kulibe tiyi, ndi pokocheza pokha. Amene sanagule chakudya ku Brodick kapena ku Lochranza adzakwera chitunda cha B8001 m'mimba muli gwa. Makilomita 17 amakufikitsani ku Tarbert, koma gawo lomaliza lili pa A83, pamene pamadutsa malole a mitengo. Apa yatsani nyali yakumbuyo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo musapalase awiriawiri.

Mukawoloka Loch Fyne n'kutsika ku Portavadie, mwafika pamene pali ntchito: makilomita pafupifupi 30 mpaka ku Colintraive. Chitunda choyamba chimayambira padoko penipeni miyendo itazizira m'sitima, ndiye tsitsiranitu giya musanakwere njinga. Ambiri amadula tcheni kapena kupinda dirayila, kachitsulo kosunthira tcheni posintha giya, pamalo otere chifukwa chosintha giya akuponda ndi mphamvu zonse. Mukadutsa Tighnabruaich, msewu wa A8003 umakwera mpaka pamalo oonera Kyles of Bute, timipata ta nyanja tolekanitsa chilumba cha Bute ndi mtunda, ndipo amene angaime pamenepo n'kunenabe kuti Windermere ndiyo yokongola, ameneyo tingomupepesa. Kenako mumazungulira mutu wa Loch Riddon n'kutsika ndi A886. Sitima ya Colintraive kupita ku Rhubodach ndi ya mphindi zisanu, imabwera pafupipafupi, simuyenera kuithamangira. Makilomita 13 omaliza pa chilumba cha Bute ndi osalala mpaka ku Rothesay, ndipo sitima yachisanu imakutulani ku Wemyss Bay pakatha mphindi 35, pafupi penipeni ndi siteshoni yokongola ya denga lagalasi ya mu 1903. Galimoto musaisiye ku Ardrossan, chifukwa mukatero mudzayenera kubwerera pa A78 madzulo mutatopa. Sitima yapamtunda yochoka ku Wemyss Bay imakubwezani ku Glasgow popanda kulembetsa njinga.

Amene anakwerapo Ilala amadziwa kale khalidwe lake: sitima ndiyo imalamula tsiku, osati wotchi yanu. Ndipo si zachilendo, poti Ilala yomweyo inapangidwira pa mtsinje wa Clyde, ku Scotstoun mu Glasgow, mu 1949.

Pa sitima pali tizinthu tomwe timagwetsa anthu. Pansi pake ndi pachitsulo ponyowa, nsapato za makiliti, tizitsulo togwira pa pedulo, zimaterereka, choncho tsikani muikankhe njingayo, ndipo dikirani antchito akuuzeni nthawi yolowa ndi poiimika. Chotsani kakompyuta ndi nyali musanakwere m'mwamba. Madzi amchere amawaza pa tcheni ndi pa mabawuti, mukafika kunyumba tsukani ndi madzi abwino, pukutani, thirani oyilo. Mukaisiya sabata, tcheni chimachita dzimbiri.

Timisewu tambiri ta kuno ndi ta galimoto imodzi, tokhala ndi malo opatukirana olembedwa Passing Place. Lamulo lake ndi losavuta koma alendo amalisokoneza. Malowo akakhala kumanzere kwanu, lowani. Akakhala kumanja, imani kumanzere moyang'anizana nawo, galimoto ndiyo ilowemo. Musawolokere kumanja. Galimoto ikakhala kumbuyo kwanu, ipatseni mpata pa malo otsatira, kwezani dzanja, nayenso akweza. Zitsulo zotchingira ziweto zoyalidwa pamsewu zidutseni molunjika, osakhota, osagwira buleki muli pamwamba pake, makamaka kukagwa mvula.

Tsopano ndivomere, poti chilungamo n'chofunika. Pa zitunda zoopsa England ili patsogolo. Kupendekeka kwa chitunda cha Hardknott Pass kumafika 30 peresenti, Honister 25, ndipo mpikisano wa Fred Whitton wa mamailosi 112 umaphatikiza zonsezi tsiku limodzi. Ku Argyll kulibe chofanana nazo. Kuti Scotland iyankhe, mpaka mupite kumpoto ku Applecross, pa Bealach na Bà, pamene msewu umachoka pagombe n'kukwera mamita 626. Pa chakudya nako England yapambana: mudzi uliwonse uli ndi kogula tiyi ndi keke, ndipo wokonza njinga sakhala patali. Ku Cowal, dera limene muli Portavadie ndi Colintraive, sipoko ikaduka Lamlungu, mudzaimba nyimbo zonse za m'buku. Komanso sitima za CalMac zambiri ndi zakale, zimawonongeka, ndipo mphepo ikakula ulendo umaimitsidwa. Izi eni zilumba amadandaula chaka ndi chaka.

Nanga tizilombo toluma totchedwa midge! Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, kukakhala bata ndi chinyezi, timakuphimbani kumaso mukangoima. Mukupalasa sitikupezani, chifukwa kamphepo pang'ono kamatigonjetsa. Vuto limabwera tayala likaphwa m'nkhalango madzulo. N'chifukwa chake muyenera kunyamula machubu awiri, osadalira zigamba: kumata chigamba kumafuna kudikira guluu aume, ndipo mphindi zimenezo mudzazikumbukira moyo wanu wonse. Ku Lake District tizilomboti tiliko, koma sitifika pamenepa.

Komabe zonsezi sizikubweza chigamulo. Wofuna kugona panjira, lamulo la Scotland la 2003 limamulola kukhoma tenti pamalo ambiri bola asawononge ndipo achoke osasiya zinyalala, kupatula madera ena a Loch Lomond omwe ali ndi malamulo awo kuyambira Malichi mpaka Seputembala. Ku England, kupatula ku Dartmoor, mumayenera kupempha mwini malo. Sitima zapamtunda za kampani ya Northern ya ku England zimalola njinga ziwiri zokha, pamene ScotRail mu 2021 inaika pa njanji ya ku Oban mabogi onyamula njinga 20.

Za njinga yeniyeniyo: kutsogolo magiya a mano 50 ndi 34, kumbuyo kaseti ya magiya yofika mano 32 kapena 34. Matayala akhale a mamilimita 28 kapena 32, osapopa mpaka gwa, chifukwa phula la kuno ndi lokhakhala ndipo m'mbali muli maenje obisika ndi madzi. Yang'anani mabuleki musananyamuke, mchenga wonyowa umadya mapadi mofulumira. Jekete la mvula lisatsale ngakhale kumwamba kuli mbee, komanso magolovesi, poti pa sitima thukuta limazizira msanga.

Miyezi yabwino ndi Meyi, kuyambirira kwa Juni ndi Seputembala. Usiku woti mawa mukunyamuka onani ndandanda ya CalMac, ndipo muonetsetse doko lake: kuyambira Januwale 2025 sitima yatsopano ya Glen Sannox imanyamukira ku Troon, osati ku Ardrossan, ndipo kuwoloka kuchokera kumeneko kumatenga nthawi yotalikirapo. Mukakhala gulu la anthu oposa asanu, dziwitsani a CalMac pasadakhale, chifukwa sitima ya ku Lochranza ikadzaza ndi magalimoto, theka la gulu likhoza kutsala padoko.