Marimu a galimoto yatsopano pa galimoto yakale: ndikuvomereza, koma yezani kaye

Anzanga okonda magalimoto, ndiyankhulepo pa nkhani yotenga marimu a galimoto ya chaka chaposachedwa n'kuwamanga pa galimoto yakale ya mtundu womwewo. Ine ndili mbali ya amene amachita zimenezi. Marimu ochokera ku fakitale ya galimoto amakhala oyesedwa bwino kusiyana ndi ambiri onyezimira amene sitidziwa komwe anapangidwa, ndipo galimoto yokalamba ikawavala imasinthiratu maonekedwe. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi maganizo akuti dzina likakhala limodzi kumbuyo kwa galimoto, ndiye kuti wilo la iyi ndi la iyo. Opanga magalimoto amasintha miyeso mwakachetechete akamatulutsa mtundu watsopano, dzina n'kulisiya lomwelo.

Tengani Volkswagen Golf. Ya m'badwo wachinayi, yotchedwa Mk4, ili ndi mabawuti asanu okhala pa mzere wozungulira wa mamilimita 100, zomwe amalemba kuti 5x100. Muyeso umenewu amakaniko amautchula kuti PCD. Mk5 itabwera mu 2003 anasintha n'kuika 5x112. BMW 3 Series inakhala pa 5x120 kwa zaka zambiri mpaka pa m'badwo wotchedwa F30, koma wotsatira wake, G20, umene unatuluka kumapeto kwa 2018, uli pa 5x112. Subaru WRX STI nayo inachoka pa 5x100 n'kupita pa 5x114.3 mu 2005. Kuwerenga mabowo n'kupeza kuti ndi asanu uku ndi asanu uko sikukuuzani kanthu.

Kusiyana kukakhala kwakukulu choncho palibe choopsa kwenikweni, chifukwa wilo limangokana basi, munthu n'kubweza katundu. Pamene pamandiopsa ine ndi pamene miyeso yayandikana. Pakati pa 5x112 ndi 5x114.3 pali mamilimita 2.3 okha, ndipo pakati pa 4x98 ya Fiat ndi 4x100 pali 2. Mukakweza rimu loterolo limaoneka kuti lakhala. Nati yoyamba imalowa ndi zala, yachiwiri imalowanso, yachitatu imayamba kulimba isanafike pansi, ndiye munthu amatenga sipanala n'kuikakamiza, mwinanso kupondapo ndi phazi. Pamenepo akupinda bawuti iliyonse pang'ono, ndipo nati ikugwira mbali imodzi yokha ya bowo. Tsiku loyamba galimoto imayenda bwinobwino. Koma wilo likamazungulira bawutiyo imapanikizidwa n'kumasuka, kupanikizidwa n'kumasuka, mpaka chitsulo chimatopa n'kuyamba mng'alu umene simungauone ndi maso. Imodzi ikaduka, katundu wake amagwera zotsalazo, ndipo zimaduka msanga kuposa yoyamba ija. Wilo silithothoka galimoto itaima pakhomo, limathothoka ili pa liwiro, muli anthu. Nati iliyonse izilowa ndi zala mpaka kukhudza rimu. Ikakana, tsitsani rimulo, musakambirane nalo.

Chachiwiri chimene anthu ambiri sachiyang'ana n'komwe ndi bowo lalikulu lapakati, limene limakhala pa mlomo wa habu, chitsulo chozungulira chimene wilo limamangidwapo. Ntchito yake ndi kuika wilo pakatikati penipeni. Audi A4 ndi chitsanzo chabwino: zakale mpaka m'badwo wotchedwa B7 zili ndi habu ya mamilimita 57.1, pamene B8 ya cha mu 2008 ili ndi ya 66.6, koma mabawuti ndi 5x112 konsekonse. Rimu la B8 limalowa pa B7 popanda kuvuta, kungoti pakati pamatsala mpata. Wilo likangokhala mopendekera mbali imodzi ngakhale pang'ono chabe, chiwongolero chimanjenjemera mukathamanga, ndipo mwini wake amapita kukabalansitsa matayala kambirimbiri koma kunjenjemera osatha, chifukwa vuto silili pa tayala. Mankhwala ake ndi timphete totsekera mpatawo, ta pulasitiki kapena aluminiyamu, ta muyeso wa 66.6 kunja ndi 57.1 mkati. Zikakhala zosemphana, bowo la rimu n'kukhala laling'ono kuposa habu, musalole munthu alikulitse ndi tupa kapena chopala cha pamanja. Ntchito imeneyo ndi ya makina osemera zitsulo, apo ayi asiyeni marimuwo.

Tsopano tembenuzani rimulo muone kumbuyo kwa masipoko. Mupeza zolemba zonga 7.5Jx17 ET45. Nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa rimu m'mainchesi, 17 ndi kukula kwake, ndipo ET ndi mtunda wa m'mamilimita kuchokera pakati pa rimu kukafika pamalo pamene limagundana ndi habu. ET ikakhala yaikulu kuposa ya galimoto yanu, wilo limalowa mkati n'kumakhudza shoka kapena sipiringi. Ikakhala yaing'ono, limatuluka kunja, tayala n'kumadya madigadi mukanyamula anthu, beyaringi nayo n'kumasenza katundu mopendama. M'lifupi musauiwale. Mukachoka pa 6J kupita pa 7.5J mwaonjezera mamilimita 38, kutanthauza 19 mkati ndi 19 kunja, ngakhale ET itakhala yomweyo. Musanapereke ndalama mangani wilo limodzi kutsogolo, lizungulitseni ndi dzanja galimoto ili pa jeke mumve ngati masipoko akukhudza kalipa ya mabuleki, kenako tsitsani galimoto, khotetsani chiwongolero mpaka pamapeto mbali zonse ziwiri, lowetsani dzanja kuseri kwa tayala mumve mpata umene watsala. Ngati chala chikulephera kudutsa, pa msewu tayalalo lidzakhula ndithu.

Ena amathetsa vuto la ET ndi masipesa, timbale tachitsulo toikidwa pakati pa habu ndi rimu. Sindiwakonda kwenikweni, makamaka opyapyala ongolowetsa aja, chifukwa amadya utali wa bawuti. Nati iyenera kugwira mazinga otalika mofanana ndi kunenepa kwa bawutiyo. Pa M12x1.5, bawuti yonenepa mamilimita 12 ya mazinga otalikirana mamilimita 1.5, ndiye kuti izungulire kasanu ndi katatu isanalimbe. Ikalimba itangozungulira kanayi, wilo lanu lagwiridwa ndi theka la mphamvu imene likufunika.

Nkhani ya manati ndi imene ndikufuna muimvetsetse, chifukwa ndi yosaoneka ndipo ndi yotsika mtengo kuikonza. Mazinga a nati amatsatira galimoto, koma pansi pa nati pamatsatira rimu. Toyota ndi Honda zambiri zili ndi M12x1.5, Nissan ndi Subaru M12x1.25. Pansi pake pali mitundu itatu: posongoka ngati fanulo, pozungulira ngati mpira, ndi pafulati pokhala ndi washala. Marimu a aluminiyamu a ku fakitale ya Toyota ambiri amafuna nati yafulati ya washala, pamene achitsulo amafuna yosongoka. Ndiye munthu amene galimoto yake inali pa marimu achitsulo akapeza a aluminiyamu a chaka chatsopano n'kumangira manati ake akale, natiyo imangogwira kam'mphepete ka bowo. Imamveka ngati yalimba, koma aluminiyamu ndi wofewa, amaphwanyika pang'onopang'ono, nati n'kumasuka yokha. Pogula marimu funsani manati ake, ndipo akale aja musataye, sungani m'buti, chifukwa sipeya yanu ikhoza kukhala yachitsulo.

Za matayala, lamulo lake ndi losavuta: rimu likakula, mbali ya tayala ichepe, kuti msinkhu wa wilo lonse usasinthe. Tayala la 195/65 R15 (m'lifupi mamilimita 195, mbali yake 65 pa 100 alionse a m'lifupimo, rimu la mainchesi 15) ndi lalitali pafupifupi mamilimita 635. La 205/55 R16 ndi 632, la 225/45 R17 ndi 634. Atatuwa akhoza kusinthana. Koma marimu a galimoto yatsopano kawirikawiri amabwera atavala kale matayala awo, ndipo magalimoto amakono ndi akuluakulu. Mukatenga 225/55 R17 muli pa mamilimita 679, kuposa loyamba lija ndi 7 pa 100 alionse. Sipidomita ikamawerenga 100 inu mukuyenda pafupifupi 107, galimoto imalemera ponyamuka, ndipo makilomita amene ikulemba amakhala ochepa kuposa amene mwayendadi. Ogulitsa matayala ambiri amalangiza kuti kusiyana kusapitirire 3 pa 100 alionse. Onaninso nambala ya katundu: 91 ndi makilogalamu 615 pa tayala limodzi, ndipo isatsike kuposa imene inalembedwa pa chomata cha pachitseko. Manambala anayi a kumapeto kwa zolemba zoyamba ndi DOT pa mbali ya tayala amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Rimu likhoza kukhala latsopano koma tayala lake litauma kale.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Kukweza inchi imodzi kapena mainchesi awiri ndi bwino, kupitirira apo pa galimoto yakale ndikuona kuti n'kuizunza. Mbali ya tayala la 195/65 ndi mamilimita 127, ya 225/45 ndi 101, ndipo mphira umene wachokawo ndi umene unkameza mabampu. Tsopano kugunda konse kukupita ku mabushi, mabolojointi ndi mashoka amene agwira kale ntchito zaka zambiri, ndipo dzenje limodzi lakuthwa likhoza kupinda rimu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati kunsi kwa galimoto kukugogoda kale, yambani mwakonza kumeneko, marimu abwere pambuyo.

Timasensa ta mpweya timene timakhala pa mavavu a marimu amakono tisakuvuteni mutu. Galimoto yakale yopanda TPMS, makina owerenga mpweya wa m'matayala, siitizindikira n'komwe, timangogwira ntchito ngati vavu wamba. Pomanga, pukutani dzimbiri pa habu, limbitsani manati modumphadumpha osati motsatana, ndipo mugwiritse sipanala yoyeza mphamvu. Toyota zing'onozing'ono zambiri zimafuna 103 Nm (muyeso wa mphamvu yolimbitsira nati), Golf 120 Nm, koma buku la galimoto yanu ndi limene likuuzeni zenizeni. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, imani muyesenso nati iliyonse, mawilo onse anayi.