Mumphika wa ku Ajmer simulowa nyama

Abale anga, mwezi wa Chisilamu wa Rajab ukangooneka mtima wanga umabwerera ku Ajmer, mzinda wa m'chigawo cha Rajasthan ku India. Kumeneko kuli manda a Khwaja Moinuddin Chishti, shehe wa Chisufi (Asilamu ofuna kuyandikira Mulungu mwauzimu) amene anamwalira mu 1236. Masiku 6 oyamba a mweziwu anthu miyandamiyanda amakhamukirako kukachita mwambo wa Urs, mawu a Chiarabu otanthauza ukwati. Kwa Asufi, tsiku limene munthu wa Mulungu wamwalira ndi tsiku lokakumana ndi Mwini wake, n'chifukwa chake m'malo molira amachezera kuimba qawwali, nyimbo zachipembedzo za Asufi.

Ndinakafikako ndili pasukulu m'dzikomo. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi miphika iwiri ya pabwalo, imene iwo amati deg. Waukuluwo anapereka ndi mfumu yakale ya ku India, Akbar, yemwe anayenda wapansi kuchokera ku Agra mpaka ku Ajmer mu 1570 pothokoza kuti wapatsidwa mwana wamwamuna. Wachiwiri anapereka ndi mwanayo, Jahangir. Kukula kwake, kuti usuzumiremo umachita kukwera masitepe. Amaphikamo mpunga wotsekemera wothira shuga, mafuta a mkaka ndi zipatso zouma. Nyama ayi. Anthu akumeneko anandiuza kuti amatero kuti Mhindu amene sadya nyama asabwerere ndi njala.

Taganizani. Asilamu ndife anthu okonda nyama pa chikondwerero chilichonse, koma pano anaisiya chifukwa cha mlendo wachipembedzo china. Shehe ameneyu amamutchula kuti Gharib Nawaz, wosamalira osauka, ndipo ine dzinalo ndinalimvetsa nditaima pamphikawo.

Ndikudziwa kuti ena mwa ife mukuti kupita kumanda kukayala nsalu ndi kuthira maluwa n'kusokera. Mkangano ngati womwewu tili nawo kwathu kuno pa nkhani ya sadaka ndi sikiri. Nkhawa yanu ndimaimva, ndipo nane pempho langa ndinalipereka kwa Allah yekha. Chimene ndikukana ndi kunyoza mwambo wonse ngati mulibe chabwino. Mu October 2007, m'mwezi wa Ramadan, bomba linaphulika pamalo pomwepo anthu akufutulu (kudya atasala tsiku lonse), atatu n'kumwalira. Ahindu, Asikh ndi Asilamu sanaleke kubwera, moto wapansi pa miphika sunazime. Malo otere sindingawanenere zoipa.

Tsiku limene ndinakafikako lija ndinapanikizika m'chikhamu, nsapato nditasiya kuchipata, manja ali lende osadziwa kolowera. Mayi wina wachikulire, wokhala ndi kadontho kofiira pamphumi monga amachitira amayi Achihindu, anandikoka malaya. Anagawa pakati mpunga wake umene unali pa kambale ka masamba, n'kundiikira m'manja udakali wotentha. Chiyankhulo chake sindinkachimva, changa sankachimva. Tinakhala pansi pafupi ndi oimba aja n'kumadya.