Agogo si khanda, asiyeni azitafuna

Ana inu a kuchigwa kuno, kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Marka, pali kakhalidwe kena kanditopetsa. Agogo akangoguluka mano awiri atatu basi mwawaweruza, m'mawa phala, masana phala, madzulo buledi wonyika mu tiyi, inuyo muli pa Ngabu kukukuta kanyenya wa mbuzi mafuta ali chuchuchu m'zigongono. Ati kuwamvera chisoni. Ulesi umenewo!

Munthu akamatafuna magazi amapita ambiri ku ubongo, madotolo anaziona pa makina ounikira m'mutu, komanso ku mizu ya dzino kuli timitsempha totumiza uthenga ku ubongo nthawi iliyonse mwaluma chinthu, ndiye dzino likazulidwa kanjira kameneko katsekeka. Anayesa ndi makoswe omwe, ochotsedwa mano otafunira aja amavutika kukumbukira njira. Ku Japan mu 1989 anachita kuyambitsa kampeni ya 8020, yoti munthu afike zaka 80 ali ndi mano ake 20 mwa 32 aja, ndipo kafukufuku wa kumeneko ndi maiko ena amapeza kuti okalamba otha mano mkamwa ndi amene matenda oiwalaiwala amawagwira kwambiri. Sindikuti mtedza wokazinga ndi mankhwala ayi, ukalamba uli ndi zake, koma bwanji kuthandizira matenda?

Chondiwawa ndi ichi. Mwawamwetsa phala zaka ndi zaka, thupi latha, mutu wayamba kusokonekera, tsiku lina atuluka usiku nkukapezeka pakhomo pa eni osadziwa kwawo, inu nomwe muli patsogolo kukuwa kuti mfiti yagwa pa lichero. Mayi wokubalani ameneyo? Manyazi mulibe?

Apatseni chakudya chogwira mkamwa. Nsima ya mapira, mlamba wochotsa minga, mbatata, nyama muiduladule tizidutswa ipse bwino koma atafune okha, ndipo musawaimirire pamutu ndi beseni, adye mwa nthawi yawo. Usinini ukamatuluka magazi kapena dzino likugwedera apititseni kuchipatala msanga, kaya ku Chikwawa kaya ku Nsanje, osati kumakawazula kuseri kwa nyumba ndi pulayala ya njinga. Mswachi agulireni, sufika mtengo wa bandulo mumathera pa Facebook ija.

Nanunso anyamata a kabaza pa Nchalo otsegula botolo la Fanta ndi mano kuti atsikana akuoneni, mwagona osatsuka mkamwa mutatha mzimbe wathunthu, mukuganiza zaka 70 mudzafikako ndi mano angati?