Ndalama zanga zathera pa nsomba yosaphika ku Busan

Abale inu mtima ukundiwawabe mpaka pano. Loweruka anzanga akuntchito anandikakamiza kuti tiye ukalawe hoe, nsomba yodya yosaphika, tinapita pa lesitilanti ina kufupi ndi gombe la Gwangalli konkuno ku Busan, ku South Korea. Kuno wamkulu akakuitana sukana, amati ndi mwano, ndiye ndinangotsatira.

Nsomba zake zimakhala zamoyo m'mathanki agalasi pakhomo pomwe, umaloza yomwe wafuna, ife tinaloza gwangeo, ija yophwatalala yokhala ndi maso onse mbali imodzi. Bambo wa palesitilantipo anaivuula ndi kaukonde, kuipha pompo, kuisenda nkuidula timagawo topyapyala toyera, basi mbale yafika patebulo, moto osaiona olo pang'ono. Amati uviike mu chojang, tsabola wofiira wosakaniza ndi viniga, ukulunge m'tsamba la letesi pamodzi ndi adyo wamuwisi nkuponya mkamwa kamodzi. Ndinatafuna, kutafuna, chinthu chozizira cholimba ngati labala chikukana kutsika kukhosi, maso onse ali pa ine. Kenako anabweretsa sannakji, miyendo ya octopus (kanyama ka m'nyanja ka miyendo isanu ndi itatu) yoduladula ikuyendayendabe m'mafuta a chitowe, apo ndiye ndinakanitsitsa.

Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndi mnzanga wina amene anafunsa akuseka kuti kodi kwanu ku Africa nsomba mumaidziwa? Ine mwana wa ku Nkhotakota, wokulira pa chambo, kampango ndi usipa, amene mayi anga amadzuka m'bandakucha kukachingamira mabwato kunyanja, lero ndifunsidwe zimenezo? Chikoreya changa ndi chochepa ndiye ndinangomeza mawu, koma zinandilasa.

Kumapeto ndi pomwe anatenga mutu ndi minga za nsomba yomweyo nkuphika msuzi wa tsabola wotchedwa maeuntang, chakudya chokhacho chomwe ndinachimva kukoma, koma iwo anali atakhuta kale akungopapira mowa wawo wa soju, mutu wansomba womwe kwathu timapatsa abambo akuuona ngati zotsalira.

Bilu itabwera anati tigawane mofanana, kuphatikizapo ya mowa womwe ine sindimwa, ndiponso kuli kandalama kena komwe aliyense amalipira chifukwa chongokuyalirani patebulo masamba ndi tsabola. Ndinatulutsa 45,000 won, ndalama yomwe ndinasungira fizi ya mchemwali wanga. Nditafika kuchipinda ndinatereka madzi nkuphika kansima ndi ufa wotsala pang'ono uja, ndiwo yake mazira awiri.