Mashoko opotokola pa galimoto ya mpikisano: za ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia, ndi zimene ndinauza mng'ono wanga

Mng'ono wanga wa ku Chilomoni ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: mashoko anayi ofiira, onyezimira, shoko iliyonse ili ndi sipuling'i yake ndi kabatani kopotokola pamwamba. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, awa ali ndi makiliki 32. Ndigule?" Ali ndi Subaru Impreza yakale imene wakhala akuimanga pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba, akulakalaka kudzalowa nayo mpikisano. Ine ndinamufunsa kuti mashokowo akadzayamba kudontha oyilo adzapita nawo kwa ndani. Anakhala chete masiku awiri.

Ndimagwira ntchito ya umakaniko ku Johannesburg, ndipo Loweruka kawirikawiri limandipeza m'mbali mwa bwalo la mpikisano ndikugwirira anthu sipanala. Si akatswiri olipidwa ayi. Ndi anthu amene Lolemba amabwerera ku ntchito zawo, galimoto anaigula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ndaperekezapo galimoto ku Bulawayo, ndaonererapo rally (mpikisano wa magalimoto wa m'misewu, osati wa m'bwalo) ku Zambia, ndipo ndaona kuti maiko atatuwa amasankha mashoko mosiyana kwambiri.

Choyamba timvetsetsane kuti kabatani kaja kamachita chiyani. Mukamakapotokola kamalira "kiliki" pa sitepe iliyonse, ndiwo makiliki aja. Galimoto imanyamulidwa ndi sipuling'i, osati shoko. Shoko ntchito yake ndi kuigwira sipuling'iyo kuti isamangodumphadumpha. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo totsekedwa ndi timbale topyapyala tachitsulo. Tayala likagunda bampu, oyilo amakankha timbaleto n'kudutsa, ndipo mphamvu ya bampuyo imasanduka kutentha. Pa mashoko ambiri, kabatani kamangosuntha kasingano kamene kamatsegula kapena kutseka kanjira kena kakang'ono ka oyilo. Ndiye kupotokola kumamveka kwambiri pamene galimoto ikugwada ndi buleki kapena ikupendekera pa kona. Koma tayala likamenya mwala mwadzidzidzi, amene amagwira ntchito ndi timbale tija, ndipo kuti mutisinthe muyenera kuphwasula shoko yonse.

Ku South Africa anthu wamba ali ndi mabwalo a phula oti asankhepo: Zwartkops pafupi ndi Pretoria, wa makilomita 2.4, Red Star ku Delmas, Killarney ku Cape Town, Aldo Scribante ku Gqeberha. Munthu amazungulira bwalo lomwelo kambirimbiri, makona omwewo, wotchi ikuwerenga. Pamenepo kupotokola shoko kuli ndi phindu, chifukwa ukasintha makiliki awiri n'kubwerera, nthawi imakuuza ngati wakonza kapena waononga. Galimoto amaitsitsa, masipuling'i amaika olimba, shoko imayenda pang'ono chabe. Ma Golf, ma Polo ndi ma BMW akale ndiwo amadzaza bwalo.

Koma chimene ndimachita nacho kaduka kumeneko si mabwalowo. Ndi chakuti pali anthu amene ntchito yawo ndi mashoko basi, ndipo ali ndi makina oyezera otchedwa dyno. Makinawa amakoka ndi kukankha shoko pa liwiro losiyanasiyana, n'kujambula mzere wa mphamvu yake pa pepala.

Ndinakawadziwa makina amenewa chifukwa cha manyazi. Ndinali nditagula ma coilover (shoko yokhala ndi sipuling'i yake pamodzi) otchipa pa intaneti a galimoto ya mnzanga, okongola ngati a pa chithunzi cha mng'ono wanga chija. Galimoto inkakhota bwino kumanzere, koma kumanja inkakana, ndipo tinataya masabata tikufufuza matayala ndi alaimenti. Potsiriza ndinanyamula mashoko akutsogolo awiriwo kupita nawo kwa bambo wina wachikulire wokonza mashoko. Anaika yoyamba pa makina, kenako yachiwiri, zonse pa kiliki yofanana. Mizere iwiriyo inatalikirana ngati ya mashoko a magalimoto osiyana. Anapotokola kabatani kuchokera koyambirira mpaka pakati, mzere osasuntha n'komwe. Utafika cha kumapeto m'pamene unalumpha kamodzi. Bamboyo anatsegula imodzi, nathira oyilo wake m'kambale. Anali wakuda, wochita thovu, wokhala ndi tinyenyeswa tonyezimira, chonsecho shokoyo inali isanathe miyezi itatu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsayo nditamulembera za ma seal atsopano, timphira totchinga kuti oyilo asadonthe, sanandiyankhenso.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kusuzumira pansi pa magalimoto a anthu othamanga kwenikweni. Ambiri amene ndawaona alibe mabatani ochuluka. Ena ali ndi Koni zachikasu zija za ku Netherlands, zimene zimasintha mbali imodzi yokha, ya kubwerera kwa shoko ikafinyika. Ena ali ndi Bilstein za ku Germany zopanda kabatani ndi kamodzi komwe, koma timbale ta m'kati anatisanja mogwirizana ndi kulemera kwa galimoto ndi masipuling'i ake. Amene ali ndi ndalama amafika pa KW V3, imene imasintha kufinyika padera, kubwerera padera, kapena pa Öhlins za ku Sweden. Mashoko a BC Racing a ku Taiwan, a makiliki 30 osintha mbali zonse ziwiri pamodzi, aliponso ambiri chifukwa mtengo wake ndi wofikirika. Onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: shoko ikafooka amaivula Lolemba, n'kuipereka kwa munthu wa mumzinda womwewo.

Ku Zimbabwe mpikisano uli m'magazi. Conrad Rautenbach anatenga chikho cha rally cha Africa mu 2007 ndi 2011, James Whyte mu 2009 ndi 2010. Mabwalo a phula alipo, Donnybrook ku Harare ndi la ku Bulawayo kumene kumachitika mpikisano wa maola atatu. Mpikisano wautali chotere ndi umene umaulula shoko. Oyilo akatentha amapyapyala, akasakanikirana ndi mpweya amachita thovu, ndipo galimoto imene inali yokhazikika pa ola loyamba imayamba kuyandama pa lachitatu. N'chifukwa chake mashoko a chubu chimodzi amakondedwa. Mwa iwo, mpweya wa nitrogen umakhala wopopedwa mwamphamvu kuseri kwa pisitoni ina yoyandama, sukhudzana ndi oyilo, ndipo kutentha kumatulukira msanga pa khoma la chubucho. Mashoko a machubu awiri amapirira kuphwanyika kwa kunja, koma amasunga kutentha.

Anzathu a ku Zimbabwe amene ndinacheza nawo safunsa kuti shoko ili ndi makiliki angati. Amafunsa ngati imatseguka. Chuma chawo chinawaphunzitsa kusataya chinthu. Ndinaona munthu ali ndi kabokosi ka ma seal, timbale ndi botolo la oyilo wa shoko, zonse zolembedwa ndi cholembera pa tepi, ndipo kachitsulo kena kamene kanatha anakakasemetsa pa makina a lathe. Zikakanika, Johannesburg si patali: mashoko amakwera ndi wina wodutsa pa Beitbridge. Mwa maiko atatuwa, maganizo amenewa ndi amene ndimawalemekeza kwambiri.



Zambia ndiye nkhani ina. Kumeneko mtima wa masewerawa uli pa fumbi. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa kasanu ndi katatu, Muna Singh mu 2004 ndi 2005, Jassy Singh mu 2013, Leroy Gomes mu 2022. Kwa zaka zambiri Zambia International Rally inali umodzi wa mipikisano ya chikho cha Africa, African Rally Championship. Pa misewu ya m'mafamu, shoko imagwira ntchito imene ya pa phula singailote. Galimoto imauluka n'kutera, imadutsa pa timizere ta msewu tokhala ngati malata, miyala ikumenya kunsi osalekeza. Tsiku lina galimoto itangofika pa malo okonzera, ndinagwira kabotolo ka pambali pa shoko ndi dzanja lopanda gulovu. Ndinachotsa msanga. Kanali kotentha ngati chivundikiro cha poto wa pa mbaula.

Kabotolo kameneko si kokongoletsa. Kamasunga mpweya ndi oyilo woonjezera, kamathandiza kuziziritsa, komanso kamasiya mpata m'chubu kuti shoko iziyenda mtunda wautali. Mashoko akutsogolo a rally ambiri ndi ozondoka, chubu chonenepa ndicho chimalowa ndi kutuluka, kuti asapindike tayala likamenya dzenje cha m'mbali. Mayina amene mumamva pa malo okonzera ndi Reiger, Proflex ndi Öhlins. Ndi odula zedi, choncho oyamba kumene nthawi zambiri amagula ochotsedwa pa galimoto ya wina amene wakwera pa ina yatsopano. Funso lawo limakhala lakuti anatsegulidwa liti komaliza, ndipo anatsegula ndani. Chimene chimapha shoko kumeneko ndi kamwala kamene kamatema ndodo yonyezimira ya shoko. Kachipsera kakang'ono ngati njere ya mapira kamadya seal pang'onopang'ono, fumbi n'kulowa, oyilo n'kutuluka. N'chifukwa chake amakaniko awo akamaliza gawo lililonse amatsuka, amapukuta, n'kuyendetsa chikhadabo pa ndodoyo.

Tsopano kwathu ku Malawi. Nthaka yathu ndi ya Zambia, si ya Zwartkops. Kuchokera ku Lilongwe kudzera pa Mchinji, Chipata ili pa makilomita pafupifupi 150 okha. Koma maso athu ali pa foni, pa magalimoto otsitsidwa mpaka pansi a ku Japan ndi ku Johannesburg. Ma coilover ambiri amene achinyamata amagula anapangidwira kutsitsa galimoto pa phula losalala. Ndi afupi, amayenda pang'ono. Mukawatengera pa msewu wa fumbi amafika pothera pa bampu iliyonse, ndipo mphamvu yonse imakathera pa chitsulo cha galimoto pamene shoko yamangidwa, mpaka chimatukumuka kapena kung'ambika. Palibe kiliki imene ingatalikitse shoko yaifupi.

Magalimoto ena ochokera ku Japan amabwera ali kale ndi mashoko a Tein kapena ena otero, ndipo amakapezeka pa msika wa zida za kaunjika. Ena ndi abwino ndithu. Kungoti palibe amene akudziwa mtunda umene anayenda, ndipo kukankha ndi manja sikungakuuzeni zambiri, chifukwa dzanja silifika pa liwiro limene tayala limakankhira.

Pali china chimene ndikupempha ndi mtima wonse kuti tileke: kuboola shoko yotsekedwa kuti muthiremo oyilo wolemera, n'kuwotcherera bowolo. Shoko ya gasi ili ndi mpweya wopanikizidwa kwambiri, ndipo ikhoza kuphulikira munthu kumaso. Ikapulumuka pamenepo, imakafera pa kona muli pa liwiro.

Nkhani ya ndalama nayo siyochepa. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja zimasowa. Shoko ikafa, kuitanitsa ina si nkhani ya sabata imodzi. Kutumiza pa ndege kuli ndi zovuta zake, chifukwa mashoko a gasi amawerengedwa m'gulu la katundu woopsa ndipo onyamula ena amawakana. Njira yodalirika ndi ya pansi, pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, masiku awiri kupita, awiri kubwera, kuphatikizapo nthawi ya kwa wokonza. Wa ku Pretoria akagula shoko yovuta amataya Loweruka limodzi. Wa ku Blantyre amataya mwezi, mwinanso chaka.

Mng'ono wanga atayimba foni tsiku lachitatu, ndinamuuza kuti asankhe kaye kumene akufuna kukathamangira. Anati pa fumbi. Ndiye ndinati aiwale zotsitsa galimoto. Apeze mashoko a chubu chimodzi, aatali mokwanira, a kampani imene ili ndi woikonzera ku South Africa, ngakhale akhale opanda kabatani. Akale a pa galimoto yake asataye, akhale osungira tsiku la tsoka. Ndalama zotsala zipite ku zitsulo zomuteteza galimoto ikagubuduzika, mpando, malamba ndi matayala.

"Nanga ndikadzapeza opotokola abwino, achimwene?"

Ndinamuuza kuti adzagule kope laling'ono. Kuwerenga makiliki ayambire pamene kabatani katsekeka konse n'kumabwerera, chifukwa pamenepo ndi pokhazikika pa mashoko ambiri. Kakafika kumapeto asakakamize, kasingano kamaonongeka. Asinthe makiliki awiri okha, kutsogolo kapena kumbuyo osati konse nthawi imodzi, ayende msewu womwewo, alembe zimene wamva. Galimoto ikamatsika pang'onopang'ono pa mabampu otsatizana n'kuyamba kugunda, adziwe kuti waumitsa kubwerera mopitirira, sipuling'i sikupeza nthawi yotambasuka. Ndipo pogula apemphe pepala la dyno la shoko iliyonse.

Patapita milungu ingapo ndinamupezera anayi akale a rally kwa munthu amene ankagulitsa galimoto yake m'zidutswa. Ndinapita nawo kwa bambo wachikulire uja. Ndodo imodzi inali ndi chipsera, anaisintha. Anaika ma seal atsopano, oyilo watsopano, napopa nitrogen, ndipo mizere ya akutsogolo awiri inagona umodzi pamwamba pa unzake. Ndinakulunga shoko iliyonse m'bulangete lakale, mapepala anayi a dyno ndinawaika m'pulasitiki pamodzi ndi ma seal ena osungira, ndipo katoniyo inakwera basi Lachisanu. Lamlungu madzulo anandilembera kuti wailandira ku Blantyre, ndipo akufunsa kukula kwa sipanala ya nati ya pamwamba.