Chiswe chinayambira m'nsanamira za eni nyumba

Anthu akamakamba zoti dongosolo lomwe maiko a azungu anakhazikitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha likugwa, amathamangira kuloza chala Russia ndi China. Ine ndikuona kuti linayamba kufumbwa m'maiko omwe analimangawo.

Mu 1944 ku Bretton Woods, ku America, maiko anagwirizana zokhazikitsa IMF ndi World Bank, mabungwe obwereketsa ndalama ku maiko, mu 1945 kunabwera United Nations, mu 1947 GATT, pangano la malonda pakati pa maiko. Koma pangano lenileni linali pakati pa maboma ndi anthu awo ogwira ntchito m'mafakitale: lolani katundu wakunja alowe, ife tikutetezani kwanu konkuno. Chitetezocho chinali penshoni, chithandizo cha ochotsedwa ntchito, mabungwe amphamvu a apantchito, komanso malamulo oletsa ndalama kutuluka m'dziko mwachisawawa. Lomalizali ambiri amaliiwala, chonsecho ndi lomwe linkagwira zinazo. Ngati mwini chuma sangasamutse ndalama zake usiku umodzi, boma likhoza kumudula msonkho wokwera mosaopa, ndipo iye amakakamizika kukhala pansi ndi antchito ake.

Mu 1971 mtsogoleri wa America Richard Nixon anasiya kusinthitsa dola ndi golide pa mtengo wa $35 pa aunsi. Mu 1979 Britain inachotsa malamulo ake oletsa kutulutsa ndalama, ena n'kutsatira. Ndalama zinamasulidwa, koma wantchito anatsala pomwepo. Ku America cha m'ma 1950, pafupifupi mmodzi mwa antchito atatu aliwonse anali m'bungwe la apantchito. Lero ndi mmodzi mwa khumi.

China italowa mu WTO, bungwe loyang'anira malonda pakati pa maiko, mu December 2001, ntchito za m'mafakitale ku America zinatsika kuchoka pa 17 miliyoni mu 2000 kufika pafupifupi 11.5 miliyoni mu 2010. Si zonse zomwe zinapita ku China, makina nawo anadya zambiri. Vuto ndi momwe phindu ndi ululu zinagawikira. Kutsika mtengo kwa katundu aliyense anakulawa pang'onopang'ono osadziwa n'komwe, pomwe fakitale ikatsekedwa inkapha tauni yonse nthawi imodzi. Kenako mu 2008 anthu omwewo anaona nyumba ya malamulo ya ku America ikuvomereza $700 biliyoni yopulumutsira mabanki, iwo akulandidwa nyumba. Ndiye mukudabwa kuti mu 2016 anthu 52 mwa 100 aliwonse ovota ku Britain anasankha kutuluka mu European Union, ndipo ku America anasankha Donald Trump?

Mukafuna kuona momwe mkwiyo wa ovota umaphera bungwe, onani khoti la apilo la WTO. Limayenera kukhala ndi oweruza 7, ndipo mlandu uliwonse umafuna atatu. Woweruza watsopano amasankhidwa pokhapokha mamembala onse atavomereza, choncho dziko limodzi likakana, basi. America inangokhala ikukana, nthawi za oweruza zikutha mmodzimmodzi, mpaka mu December 2019 anatsala mmodzi. Lero dziko likaluza mlandu limangochita apilo ku khoti lopanda oweruza, chigamulo n'kugona pomwepo. Musati ndi za Trump yekha. Boma la Obama linakana kuwonjezera nthawi ya woweruza wina mu 2016, ndipo la Biden silinakonze kanthu, chifukwa zipani zonse ziwiri zikusaka mavoti a m'matauni omwe aja.

Tisalikometsenso dongosololi mopitirira. Ku IMF zisankho zikuluzikulu zimafuna mavoti 85 peresenti, America ili ndi oposa 16, ndiye yokha ikhoza kuletsa. Mu 2003 inalowa mu Iraq popanda chilolezo cha Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, ndipo pomwe Russia inaukira Ukraine mu 2022, maiko ambiri osauka anakumbutsa azungu za Iraq yomweyo. Koma maiko osauka akhala akudandaula kuyambira kale, mabungwewa osagwedezeka. Anagwedezeka pomwe ovota a m'madera a mafakitale monga Ohio ku America ndi Sunderland ku Britain anayamba kudandaula.