Shiraz wapamwamba ndi kutentha kwa kuno ku Chipata

Abale anga a kuno kum'mawa, ena mwa inu mwayamba kugula vinyo wa shiraz wokwera mtengo, ndipo poti munamva kuti vinyo amakoma akakhalitsa, botolo mwaliimika m'kabati ya pabalaza kuti lidikire ukwati wa mwana. Ine ndimakhulupirira kuti shiraz wabwino amathadi kukhala zaka makumi awiri kapena kuposa, koma zimandiwawa kuona kuti kasungidwe kathu kakumupha asanafike pokoma pake.

Mphesa imeneyi kwawo ndi kuchigwa cha Rhône ku France, kumene amaitcha syrah, ndipo ya ku Hermitage ndi Côte-Rôtie imalemekezedwa mpaka lero. James Busby anatengera mbewu yake ku Australia mu 1832, ndipo ku Barossa Valley kuli munda wa Langmeil umene unabzalidwa mu 1843 koma ukubalabe. Kumalo otentha ngati kumeneko vinyo amatuluka wakuda bii, wolemera pa lilime, wonunkhira mabulosi akupsa ndi chokoleti. Wa kumalo ozizirirapo amakhala wopepukirako, ndipo amamveka tsabola wakuda. Fungo la tsabolali limachokera ku kanthu kotchedwa rotundone, kamene akatswiri a Australian Wine Research Institute anakazindikira m'vinyo mu 2008, ndipo munthu mmodzi mwa asanu aliwonse sakamva m'mphuno ngakhale pang'ono. Choncho mnzanu akanena kuti tsabolayo sakumumva, musamuyese wosadziwa vinyo.

Chimene chimalola shiraz kukhalitsa si mtengo wake wa m'sitolo ayi. Ndi tannin, wochokera m'makungu ndi m'njere za mphesa komanso m'migolo ya mtengo wa oak, pamodzi ndi kuwawasa kokwanira ndi kuchuluka kwa kukoma kwa chipatso. Tannin ndiye amaumitsa m'kamwa monga imachitira nthochi yosapsa. Zaka zikamapita iye amafewa, kuda kuja kumasanduka kufiira, tizidutswa timadikha pansi pa botolo, ndipo fungo la chipatso limapereka malo ku fungo la chikopa, la fodya wouma ndi la nthaka yonyowa. Max Schubert, katswiri wopanga vinyo wa kampani ya Penfolds ku Australia, atapanga shiraz wotchedwa Grange woyamba mu 1951, anthu amene anamulawa akadali waukali anamunyoza, kufikira kuti mu 1957 akuluakulu a kampaniyo anamuletsa kupitiriza. Iye anapitiriza mobisa, ndipo pofika mu 1960 mabotolo oyamba aja anali atakhwima moti chiletsocho chinachotsedwa. Vinyo wotereyu amapangidwa dala kuti adikire, pamene shiraz wamba amene wadzaza m'mashelefu amapangidwa kuti amwedwe zaka ziwiri kapena zitatu zisanathe.

Vuto lathu ndi kutentha. Vinyo wosunga amafuna malo amdima, ozizira mosasinthasintha, pafupifupi madigiri 12 mpaka 15, botolo litagona ngati chitsekero chake ndi cha cork (khungwa la mtengo) kuti chisaume. Kuno mu October kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata masana kumachita kuwotcha. Botolo lochokera ku Swartland kapena ku Stellenbosch, ku South Africa, layenda kale ulendo wautali pa msewu kufika ku Lusaka, kenaka makilomita oposa 500 pa Great East Road. Likakhalanso chilimwe chimodzi pabalaza, vinyo amaphikika, amamveka ngati zipatso zowiritsa, ndipo nthawi zina mumaona kuti wadontha m'mbali mwa chitsekero. Pamenepo palibenso chimene chingamubweze.

Maganizo anga ndi akuti amene alibe firiji yosungira vinyo, kapena chipinda chapakati chozizira nthawi zonse, asataye ndalama pa botolo lofuna kudikira zaka khumi. Agule shiraz wabwino wa ku South Africa, monga wa Mullineux kapena Boekenhoutskloof, amene wakhala kale zaka zingapo, ayang'anitsitse chitsekero asanalipire, ndipo apewe botolo limene laikidwa pa zenera la sitolo. Amutsegule m'nyengo yozizira ya June kapena July, amuthire m'jagi ola limodzi asanamwe kuti apume, ndipo kukatentha amuike m'firiji kwa kanthawi kuti atsike pa madigiri 16 mpaka 18. Ndi nyama ya mbuzi yowotcha pa makala, mafuta ake amafewetsa tannin uja, ndipo tsabola wa m'vinyo amamveka bwino lomwe.